Mmene vuto la printa linandiphunzitsira kusaka zinthu pa Google

Ine Google ndakhala ndikuigwiritsa ntchito zaka zambirimbiri, koma kunena zoona kusaka kwenikweni ndinakuphunzira mu 2021 chakumapeto kwa September, ndipo chinandikankha ndi printa ya ku ofesi kwathu. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri amene akuvutika ngati mmene ndinkavutikira ine, kutayipa, kutsegula peji iyi, kubwerera, kutsegula ina, data kumatha mutu kumawawa koma chomwe ukufunacho osachipeza, pomwe chilipo ndithu pa intaneti pomwepo.

Ntchito yanga ndi ya ulembi, makalata, ma report, ma minitsi a misonkhano zonse zimadutsa pa desiki panga, nde printa ikavuta anthu amayang'ana ine olo kuti si ine wa IT. Printa yathu inali yolumikizidwa ku kompyuta imodzi, makompyuta enawo amaprinta kudzera pa imeneyoyo. Tsiku lina mmawa makompyuta atachita update usiku, palibe amene amatha kuprinta kupatula kompyuta imodzi ija, ena onse ukadina print pamatuluka kabokosi kolembedwa kuti sizikutheka kulumikizana ndi printa, pansi pake mawu achingerezi ndi manambala osakanikirana ndi zilembo. Ine manambalawo sindinawalabadire nkomwe, ndinangowaona ngati zachabechabe za makompyuta, ndinatseka kabokosiko nkutsegula Google.

Zomwe ndinatayipa ndikuzikumbukira bwinobwino chifukwa ndi mmene ndinkachitira nthawi zonse, ndinalemba chiganizo chathunthu ngati ndikufunsa munthu, why is my printer not working today please help. Zinabwera ndi zomwe mukuziganizirazo, onani ngati chingwe chalowa bwino, thimitsani muyatsenso, onani ngati muli mapepala. Ndinachita zonsezo kawirikawiri. Ndinasintha mawu pang'ono, zinabwera zomwezomwezo koma pa mawebusaiti ena. Kenako ndinapeza peji ina yomwe imalonjeza pulogalamu yokonza mavuto onse a printa podina kamodzi, ndinaidawuniloda, ndipo chomwe inachita ndi kudzadza kompyuta yanga ndi timauthenga totsatsa malonda tongotulukira pafupipafupi, moti vuto linali limodzi anasanduka awiri. Masiku awiri athunthu anapita choncho, ma report ndikumakawaika pa flash nkupita nawo pa kompyuta imodzi ija kukafola.

Tsiku lachitatu kunabwera achimwene ena amene amatithandiza za makompyuta mwa apo ndi apo, si olembedwa ntchito pathu, amabwera akaitanidwa. Anayamba achotsa kaye pulogalamu yanga yoipa ija osandinena kalikonse, kenako anandifunsa kuti, "Achemwali, kabokosi kaja kamati chani kwenikweni?" Ine ndinati kamangoti printa siikulumikizika. Iwo anati, "Ayi, ndikufuna mawu ake enieniwo mmene alembedwera, tadinaninso tiwaone." Titadina anandiuza kuti ndikopere mzere wapansi uja osasintha olo chilembo chimodzi, ndiuike pa Google koma mkati mwa mitengero, ma quote aja timaika tikamalemba mawu oyankhula munthu. Ndinatayipa chonchi:

"Operation failed with error 0x0000011b"

Abale inu, peji yonse inasintha. Panalibenso za kuthimitsa ndi kuyatsa, chilichonse chimene chinabwera chinali cha anthu amene anali ndi vuto langa lenilenilo, sabata yomweyo, printa yogawana pa netiweki, update itangochitika. Ndinakhala chete kwa kanthawi chifukwa yankho linali pa sikirini panga masiku onse atatu, manambala omwe ndinkawatseka mwachangu aja ndi amene anali kiyi.

Achimwenewo anandiuza mawu amene ndimawakumbukirabe mpaka lero, anati musamalembe funso lanu, muzilemba mawu amene mukuganiza kuti alembedwa pa peji yomwe ili ndi yankho. Poyamba sindinamvetse koma ndi nkhani yosavuta. Google ili ndi timapulogalamu tomwe timayendayenda pa intaneti usana ndi usiku kuwerenga mapeji ndi kusunga mawu ake mu chinthu chonga kaundula wamkulu, nde iwe ukatayipa sikuti imathamanga intaneti yonse nthawi yomweyo, imangoyang'ana mu kaundulamo kuti ndi mapeji ati ali ndi zomwe watayipazo kenako nkuwandandalika. Munthu amene analemba njira yokonzera vuto langa sanalembe kuti please help kapena today, analemba dzina la error ndi manambala ake. Nde ngati ine mawu amenewo sindinawaike, ndikuyembekezera kuti tikumana bwanji?

Mitengero ija ntchito yake ndi kuuza Google kuti ndikufuna mawu awa mmene alilimu, motsatana chonchi, osasintha. Popanda mitengero Google imayesa kukuthandiza, imaganiza kuti mwina umatanthauza china, imasintha mawu ena ndi ofanana nawo, ena imawasiya kumene. Nthawi zambiri zimenezi ndi zabwino, mwachitsanzo ukalakwitsa sipelo imakukonzera, ndipo kuyambira cha mu 2019 pomwe anayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa BERT imamva bwino ziganizo zathunthu kuposa kale. Koma pa zinthu monga error, dzina la munthu, nambala ya chipangizo, kapena chiganizo chomwe unachiwerenga penapake ukufuna kudziwa kuti chinachokera kuti, kuthandizidwa kotereku kumakusocheretsa. Mukadzayang'anitsitsa pansi pa zotsatira zina pamalembedwa kuti Missing kenako liwu lanu litakhwatchidwa pakati, kumeneko ndi kukuuzani kuti peji iyi liwu lija mulibe, ine ndinakhala zaka osaziona zimenezo. Olo liwu limodzi lokha mutha kuliika mu mitengero kuti likhalepo basi zivute zitani.

Chenjezo lake nlakuti mukalakwitsa chilembo chimodzi mkati mwa mitengero mutha osapeza kanthu, nde ngati nkotheka koperani, musatayipe pamtima. Komanso musaikemo chiganizo chachitali kwambiri chokhala ndi zinthu zanu zokha monga dzina la kompyuta yanu kapena la fayilo yanu, chifukwa palibe munthu wina padziko amene analemba zimenezo, chotsani zanuzo musiye mbali yomwe aliyense amene wakumana ndi vutolo angaione.

Tibwerere ku printa. Mayankho analipo ambiri ndipo ena amati ulowe mkatikati mwa kompyuta uthimitse chitetezo china chake chomwe update ija inabweretsa. Achimwene aja anakana, anati update imeneyi inabwera kudzatseka mpata womwe akuba a pa intaneti amatha kulowera kudzera ku printa, nde kuithimitsa ndi kutsegulanso chitseko chomwe chinatsekedwa dala. Anati njira yabwino kwa ife ndi yoti printa ilumikizidwe yokha ku netiweki, kompyuta iliyonse iziyankhula nayo mwachindunji osadzeranso pa kompyuta ina. Kungoti buku la printayo linasowa kalekale ndipo mabatani ake a menu anali osokoneza. Apa mpamene anandionetsa chachiwiri, anandiuza nditayipe dzina ndi nambala ya printa mu mitengero, kenako mawu oti user guide, kenako

filetype:pdf

Choyamba kubwera linali buku lenileni la kampani yomwe inapanga printayo, masamba oposa mazana awiri. Ndinati nde tiwerenga lonseli? Anaseka pang'ono nkundiuza kuti ndidine Ctrl ndi F pamodzi nditayipe IP address, nambala yomwe chipangizo chimadziwika nayo pa netiweki, ndipo pompo linadumphira pa tsamba lomwe timalifuna. Ctrl F si ya Google ayi, ndi yofufuzira mawu mkati mwa peji kapena fayilo yomwe watsegula, koma ndikuitchula chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi, Google imakufikitsa pa khomo, Ctrl F imakulozera mpando. Pa foni imapezeka pa timadontho titatu ta pakona, pamalembedwa Find in page. Isanakwane 12 koloko aliyense anali akuprinta.

Filetype imeneyi ndi yomwe ndimaigwiritsa ntchito kwambiri pa zonse mpaka pano. Zinthu zolembedwa mwadongosolo, ma report, ma fomu, mabuku a malangizo, malamulo, nthawi zambiri zimakhala PDF, pomwe mapeji ongofuna kuti anthu adine amakhala mapeji wamba, nde ukangoika filetype:pdf zinyalala zambiri zimagwa zokha. Ukafuna ma slide umaika pptx, ukafuna chikalata cha Word umaika docx, za matebulo ndi manambala xlsx. Ine template ya ma minitsi yomwe ndimagwiritsa ntchito lero ndinaipeza choncho. Chimodzi chokha chofunika kusamala, pambuyo pa timadontho tiwirito musasiye mpata. Mukalemba filetype: kenako space kenako pdf sizigwira, Google iziona ngati mawu wamba. Ine ndinalakwitsapo kangapo ndikumadabwa kuti bwanji kwa achimwene aja zimatheka. Lamulo limeneli ndi la ma operator onse okhala ndi timadontho tiwiri, ma operator ndi timawu kapena tizizindikiro ngati filetype tomwe timauza Google mmene isakire.

Atapita ndinayamba kuyeserera ndekha, ndipo printa yomweyo ndi imene inandiphunzitsanso za minus. Patapita milungu ingapo inayamba kutulutsa mapepala otuwa, ndinatayipa toner, ufa uja printa imalembera, ndi mawu ena ochepa, theka la zotsatira linali la mafuta odzola kumaso, poti toner ndi dzinanso la zodzola. Drum nayo chimodzimodzi, mu printa muli kachipangizo kotchedwa drum koma Google imandibweretsera ng'oma zoimbira. Driver ndiye osanena, ine ndikufuna pulogalamu yoyendetsa printa, iyo ikubweretsa ntchito za madalaivala a galimoto. Mawu achingerezi ambiri ali ndi matanthauzo awiri atatu ndipo kompyuta siingadziwe kuti iwe uli mbali iti. Nde umaika kamzere ka minus kutsogolo kwa liwu lomwe sukulifuna, mogundizana, chonchi

toner faded print -skin -face -makeup

Zodzola zonse zinachoka. Apanso space ndi mdani, minus ikhale yomatirira ku liwu lomwe mukulichotsalo, koma pakati pa minus ndi liwu lomwe mwalemba minus isanabwere pakhale mpata.

Koma minus ndimaiopa pang'ono ndipo ndikufuna mumve bwino apa. Imachotsa peji iliyonse yomwe ili ndi liwulo, olo litangopezeka kamodzi kokha pansi penipeni pa peji. Tsiku lina ndinaika -buy -price -shop pofuna kuthawa ogulitsa, mapeto ake ndinachotsanso webusaiti ya kampani yopanga printayo, chifukwa nayonso ili ndi batani lolembedwa shop pamwamba. Nde masiku ano ndimayamba ndawonjezera liwu lolongosola bwino chomwe ndikufuna, monga laser printer kapena cartridge, minus ndimaibweretsa pambuyo zikakanika. Kuwonjezera liwu loyenera kumaposa kuchotsa mawu asanu.

Pomwe ndinaona kuti zinthuzi ndi zamphamvu zedi ndi chaka chotsatira, mng'ono wanga akulemba dissertation yake ya za umoyo, mutu wake unali wokhudza maneti onyikidwa m'mankhwala ndi malungo. Anandiimbira usiku ali pafupi kulira, amati a supervisor abweza chaputala chake chachiwiri chifukwa zomwe anatchulamo zambiri zinali za m'mapeji osadziwika eni ake, iwo akufuna zochokera ku mabungwe odalirika ndi ma journal. Anati, "Achemwali ndasaka mpaka ndatopa, zikungobwera zomwezomwezo." Ndinamufunsa kuti ukutayipa chani, ndipo anandiwerengera mutu wonse wa dissertation yake, mawu pafupifupi makumi awiri. Ndinadziona ndekha ndi printa ija.

Ndinamuuza kuti atsegule laputopu tichitire limodzi pa foni pomwepo. Choyamba tinadula mutuwo nkutsala ndi mfundo zitatu zokha, maneti, malungo, ana osakwana zaka zisanu. Chachiwiri ndinamufunsa kuti akatswiri akamalemba amawatchula bwanji manetiwo, poti iye amatayipa mosquito nets ngati mmene timayankhulira tonse. Anayang'ana mu notsi zake nkupeza kuti amati insecticide-treated nets, ena amafupikitsa kuti ITN, palinso LLIN ya maneti okhalitsa. Apa ndi pomwe pagona nkhani ya ma keyword, mawu osakira aja, ntchito iliyonse ili ndi chiyankhulo chake, madokotala, ma loya, amakaniko, ndipo ukasaka ndi mawu a mumsewu umapeza zolembedwa ndi anthu a mumsewu, ukasaka ndi mawu a akatswiri umapeza zolembedwa ndi akatswiri. Ngati mawu awowo simukuwadziwa, sakani kaye mwachisawawa, tsegulani peji imodzi yooneka bwino, muone mawu amene akubwerezedwabwerezedwa, muwatenge amenewo mukasakirenso. Ine kusaka koyamba ndimakutenga ngati kokatola mawu basi.

Kenako tinaika site. Imeneyi imauza Google kuti usapite kwina kulikonse, yang'ana mu webusaiti iyi yokha. Tinalemba

site:who.int "insecticide-treated nets" filetype:pdf

who.int ndi webusaiti ya World Health Organization, ndipo zomwe zinabwera zinali zikalata zawo zokhazokha kuphatikizapo World Malaria Report yomwe amatulutsa chaka ndi chaka. Mng'ono wanga anangoti haa. Ubwino wina wa site ndi woti mawebusaiti ambiri kabokosi kawo kosakira mkati sikagwira bwino, umatayipa chinthu chomwe ukudziwa kuti chilimo koma osachipeza, nde kusakira kunja kudzera pa Google ndi site kumachita bwino. Komanso sikuti mpaka uike dzina lonse la webusaiti, utha kungoika mathero ake, site:edu ikupatsa za masukulu a ukachenjede makamaka a ku America, site:ac.uk za ku Britain, site:gov za boma la America. Ndipo ukaphatikiza minus ndi site, kulemba -site: kenako dzina, umathamangitsa webusaiti yomwe ikungodzadza peji yako ndi zosathandiza, ine ndili nawo awiri atatu amene ndimawachotsa nthawi zonse ndikamasaka zithunzi.

Vuto la mayina awiri atatu a chinthu chimodzi tinalithetsa ndi OR. Iyenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu, mukalemba zazing'ono imatengedwa ngati liwu wamba. "insecticide-treated nets" OR ITN OR LLIN ndiye kuti peji ikhale ndi lililonse mwa atatuwa. Zimenezi si za dzulo ayi, maganizo a AND, OR ndi NOT anachokera kwa katswiri wa masamu wa ku England George Boole amene anabadwa mu 1815 nkumwalira mu 1864, makompyuta kulibe, nchifukwa chake ku ma library amazitcha Boolean. Minus ija ndi NOT yomweyo, ndipo AND pa Google siifunika kulemba chifukwa ukaika mawu angapo imayesa kale kupeza onsewo. Zimandisangalatsa ndithu kuti munthu anaganiza zimenezi ndi cholembera pa pepala, lero zikuthandiza mwana wa sukulu pakati pa usiku.

A supervisor aja ananenanso kuti safuna zakale kwambiri. Pali njira ziwiri, ina ndi kudina Tools pansi pa kabokosi kosakira nkusankha nthawi, ina ndi kungolemba after:2018 kapena before:2021, olo tsiku lenileni monga after:2021-09-01, kuyamba chaka kenako mwezi kenako tsiku. Awiriwa Google inawabweretsa mu 2019. Amathandiza kwambiri pa nkhani za mafoni ndi makompyuta chifukwa malangizo a zaka zisanu zapitazo amakuuza kudina batani lomwe pano kulibenso. Kungoti deti lomwe Google imaona ndi lomwe ikuganiza kuti pejiyo inalembedwa kapena kukonzedwa, nde peji yakale yomwe angoisintha pang'ono itha kuoneka ngati yatsopano, mukatsegula muziyang'anabe nokha kuti zalembedwa liti.

Pomaliza ndinamutumiza ku Google Scholar, yomwe inayamba mu 2004 ndipo imasaka makamaka zolemba za kafukufuku. Mitengero, minus ndi OR zimagwiranso kumeneko, ndipo pansi pa pepala lililonse pali Cited by, ukadina pamenepo umaona ena onse amene analitchula pepalalo pambuyo pake, nde pepala limodzi labwino limakutsogolera ku ena khumi. Chaputala chija chinadutsa ulendo wachiwiri.

Pali ena amene ndimawagwiritsa ntchito mwa kamodzikamodzi. intitle: imafuna kuti liwulo likhale pa mutu wa peji osati kungotchulidwa modutsa, monga intitle:"service manual", ndipo inurl: imayang'ana mu adiresi ya peji. Kanyenyezi aka * mkati mwa mitengero kamaimira liwu lomwe mwaiwala, nde ngati error munangoiona mwachangu mukukumbukira koyamba ndi kothera, ikani kanyenyezi pakati. Palinso Verbatim, imabisala pa Tools kenako All results, ukaisankha Google imasiya kukusinthira mawu, zimakhala ngati liwu lililonse waliika mu mitengero yakeyake.

China chomwe chinanditayitsa nthawi ndi kutsatira mindandanda yakale ya ma operator. Zinthuzi zimasintha. Kale anthu ankaika + kutsogolo kwa liwu kuti likhalepo, imeneyo inachotsedwa mu 2011, mmalo mwake ndi mitengero ija. Kachizindikiro ka ~ kofunira mawu ofanana matanthauzo kanasiya kugwira mu 2013, ndipo cache: yomwe inkaonetsa peji mmene inalili Google itaisunga inachotsedwa mu 2024. Nde mukaona kuti mwalemba bwinobwino koma palibe chikusintha, mwina si inu, mwina operator yo inapuma. Ukafuna kuona peji yomwe inafufutidwa kapena mmene inkaonekera kale, pita ku Wayback Machine ya Internet Archive uike adiresi yake, nthawi zambiri umaipeza, ine ndinapezako fomu ina yomwe eni ake anali ataichotsa.

Ndipo si Google yokha. Mitengero, minus, site ndi filetype zimagwiranso pa Bing ndi DuckDuckGo olo kuti pena zotsatira zimasiyanako, nde chinthu chikandikanika kuno ndimakopera zomwezo nkukaziika uko, kaundula wawo si mmodzi. Mu Gmail namonso muli zake, from: kenako dzina la munthu, has:attachment, filename:pdf, ndipo zimenezi zinandipulumutsa tsiku lina abwana akufuna kalata yomwe inabwera zaka ziwiri zapitazo, iwo ataima pambali panga, ndinalemba from: ndi dzina la bungwelo ndi has:attachment, inatuluka yachitatu pa mndandanda.

Ndinene chimodzi chomwe chimandikhudza. Njira zimenezi ndi zakuthwa moti nthawi zina umapeza zinthu zomwe eni ake sanafune kuti zionekere, anangoziika pa intaneti mosasamala. Ine tsiku lina ndikusaka template ya Excel ndinatsegula fayilo yomwe inali ndi mayina a anthu, manambala awo a foni ndi malipiro awo. Ndinaitseka nkuifufuta pa kompyuta yanga, sizinali zanga. Kuti chinthu chapezeka pa Google sizitanthauza kuti uli ndi ufulu wochigwiritsa ntchito kapena kuchitumiza ku magulu. Koma zinandipatsa nzeru yoti ndiyang'ane za kwathu, ndinalemba site: ndi webusaiti ya ofesi yathu kenako filetype:xlsx, kenako pdf, kuona ngati pali chomwe chinatuluka mwangozi. Inunso yesani kusaka dzina lanu lonse mu mitengero, kapena nambala yanu ya foni, muone zomwe anthu ena akuona za inu.

Masiku ano ukasaka nthawi zambiri pamwamba pamabwera yankho lolembedwa ndi AI, zinayamba kufalikira mu 2024, ndipo ena amandifunsa kuti nanga ma operator akufunikabe? Kwa ine eya. Yankho lija limathandiza ukafuna kumva chinthu mwachidule, koma ukafuna chikalata chenichenicho, choti ukachisonyeze kwa abwana kapena kwa a supervisor, chokhala ndi dzina la amene analemba ndi deti, umafunika ufike pa gwero, ndipo site ndi filetype ndi amene amakufikitsa. Komanso ma link ena apamwamba amakhala olipiridwa, pamalembedwa Sponsored, si kuti onse ndi oipa koma dziwani kuti ali pamenepo chifukwa alipira. Ndikafuna driver kapena pulogalamu iliyonse panopa sindidinanso chilichonse chongobwera, ndimalemba site: ndi webusaiti ya kampani yomwe inapanga chipangizocho, phunziro la pulogalamu yoipa ija linandikwana.

Mmene ndimachitira tsopano ndi chonchi, ndimayamba ndi mawu atatu kapena anayi okha, mayina a zinthu, osati chiganizo. Ndimayang'ana peji yoyamba osatsegula kalikonse, kungowerenga timitu ndi timizere tapansi, nkudzifunsa kuti chalakwika nchani. Ngati zabwera za tanthauzo lina ndimawonjezera liwu kapena kuika minus, ngati liwu langa lofunika lasiyidwa ndimaliika mu mitengero, ngati zabwera zakale after, ngati zabwera za anthu osadziwika site kapena filetype. Ndimasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa ukaunjika ma operator asanu nthawi imodzi nkupeza kuti palibe chabwera sudziwa kuti watseka ndi uti. Zikatero ndimachotsa mmodzimmodzi kuyambira womaliza mpaka zitayamba kuoneka.

Sabata yatha scanner ya printa yomwe ija inakana kutumiza ku imelo, panatuluka kabokosi kena. Mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito pa reception anali atagwira kale mouse kuti akatseke, ndinamugwira dzanja nkumuuza kuti dikira kaye mng'ono wanga, tenga foni ujambule mawuwo. Anajambula, tinawatayipa mu mitengero pamodzi ndi nambala ya printa, yankho linali pa link yachiwiri, password ya imelo ya scanner inali itasinthidwa ndipo imafunika kulowetsedwanso mu menu. Achimwene aja sitinawaimbire nkomwe.